Kodi masewero a madokotala a kunkhondo amanena zoona?

Funso: Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Lilongwe. Mwana wanga wamkazi walemba Fomu 4 chaka chino ndipo sachoka pa foni, ntchito kuonera masewero a anamwino ndi madokotala a asilikali ogwira ntchito kunkhondo. Anayamba ndi Our Girl, kenako la ku Korea lija la Descendants of the Sun. Pano akuti akufuna kudzakhala namwino wa asilikali. Ine ndikasuzumirako ndimangoona anthu akuseka ndi kufunsirana pakati pa mabomba. Adokotala, kodi zimenezi ndi zoona? Ndimuletse kuonera?

Yankho: Mayi, zikomo polemba. Ndiyambire kumapeto kwa funso lanu: musamuletse, koma nthawi zina muzikhala naye pansi n'kuonera limodzi. Ine ntchito yanga ndi ya chipatala cha anthu wamba, mbali ya ovulala pangozi, ndipo masewero amenewa ndawaonera zaka zambiri, ena mobwerezabwereza. Chomwe ndaona n'chakuti kuseka kumene kukukudetsani nkhawako ndiko kuli pafupi ndi zoona. Bodza lawo lili pena, pomwe oonera ambiri sayang'anapo: pa nthawi, pa magazi, ndi pa munthu amene wagona pa machirayo.

Masewero onse a mtundu umenewu kholo lawo ndi limodzi, M*A*S*H, lomwe linaonetsedwa pa kanema ya CBS ku America kuyambira 1972 mpaka 1983. Dzinalo ndi chidule cha chipatala cha asilikali cha matenti, chosamukasamuka, chomwe ankachikhoma pafupi ndi kumene nkhondo yafika pofuna kuti wovulala afike pa tebulo la opaleshoni magazi asanamuthere. Nkhani yake ndi ya nkhondo ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953, moti nkhondo ya zaka zitatu inabala sewero la zaka 11, la zigawo zoposa 250. Linachokera m'buku la 1968 la H. Richard Hornberger, dokotala wa opaleshoni yemwe anagwiradi ntchito pa chipatala chotere ku Korea, ngakhale pachikuto anaikapo dzina lakuti Richard Hooker. Olemba seweroli ankayendera madokotala ndi anamwino omwe anali kunkhondoko, ndipo nkhani zambiri anazitola pakamwa pa anthu amenewo. Chigawo chomaliza, pa 28 February 1983, chinaonedwa ndi anthu oposa 105 miliyoni ku America kokha.

Tsono za kusekazo. Inu mwaphikapo nsima pamaliro, mukudziwa zomwe zimachitika kuseri kwa siwa. Amayi ali pamoto ndi miphika ikuluikulu, utsi m'maso, wina akuseka mnzake kuti mthiko wamulemera. Kumanda nako adzukulu akukumba akunyogodolana. Mlendo wosadziwa angati anthu awa alibe chisoni, chonsecho iwowo ndi amene asenza maliro onsewo pamapewa, ndipo atati alire monga akulirira a m'nyumbamo, mtembo sungaikidwe. Kuchipatala n'chimodzimodzi. Usiku umene tasoka anthu mpaka tambala woyamba ndi umene nthabwala zimachuluka m'chipinda chomwera tiyi. M*A*S*H inaimvetsa nkhani imeneyi kuposa masewero onse amene anabwera pambuyo pake. Eni kanema ankafuna kuti muziikidwa phokoso la anthu oseka, monga zinkakhalira m'masewero oseketsa a nthawiyo. Larry Gelbart ndi Gene Reynolds, omwe ankatsogolera seweroli, sanafune, ndipo anagwirizana zoti phokosolo lisamveke konse m'chipinda cha opaleshoni. Madokotala azinena nthabwala zawo mmenemo, koma woonera asauzidwe kuti seka. Ku Britain, BBC inkaonetsa seweroli phokosolo atalichotseratu.

Pali kachigawo ka mu 1975 komwe mpaka lero ndikakaona pakhosi pamandiuma. Mkulu wa chipatalacho, Henry Blake, walandira kalata yoti apite kwawo. Anzake amutsanzika mwachimwemwe, iye wakwera ulendo. Kenako kalaliki wa pamsasapo akulowa m'chipinda cha opaleshoni wopanda chophimba pakamwa, n'kuwerenga uthenga woti ndege yomwe anakwera bwana wawo yagwetsedwa panyanja ndipo palibe wapulumuka. Palibe amene akusiya ntchito. Misozi ikutsika kuseri kwa nsalu za pakamwa, manja ali m'mimba mwa odwala, akupitiriza. Oonera ambiri anakwiya n'kulemba makalata odandaula, koma aliyense amene anamvapo uthenga wa imfa ali pantchito ya usiku, wodwala ali pa tebulo, akudziwa kuti zimakhala choncho ndithu.

China chomwe masewero abwino amanena zoona ndi kusankha woyamba kuthandizidwa, komwe kuchipatala timati triage. Nzeru imeneyi inakula ndi Dominique Jean Larrey, dokotala wa asilikali a Napoleon, yemwe anati wovulala aziyamba kuthandizidwa potengera kukula kwa bala lake, osati nyota za paphewa. Ndikuuzeni za usiku wina basi itagubuduzika, ovulala atabwera pa lole ndi m'magalimoto a anthu ongodutsa. Pakhonde panali mayi wina akukuwa, mkono wathyoka, abale ake akundikoka malaya. Pambali pake, pansi, panali mnyamata ali phee, osadandaula, akungopempha madzi akumwa. Ndinatembenuza chikhatho chake, chinali mbuu ngati pepala, khungu lozizira, thukuta lili pamphumi. Magazi ankatayikira m'mimba. Ndinamudumpha mayi uja, ndipo abale ake ananditukwana mpaka mawu kusasa. Wokuwa ndiye kuti akupuma bwino ndipo magazi akufika kumutu. Woopsa ndi wachete uja. Kunkhondo kusankhaku kumafika powawa kwambiri, chifukwa ovulala akachuluka kuposa manja ndi magazi omwe alipo, amene wavulala moti sangapulumuke amapatsidwa mankhwala opha ululu n'kuikidwa pambali kuti ena atatu apulumuke. Mwana wanu ayenera kudziwa kuti namwino ndi amene kawirikawiri amakhala pambali pa woikidwa pambali uja mpaka atatsirizika.

Tibwere kumene kanema amanama. Sewero limakonda chipatala chifukwa ndi komwe kuli madokotala okongola, nyali zowala ndi makina olira. Koma kunkhondo ambiri amafa asanaone n'khomo lomwe la chipatala. Kafukufuku wa asilikali a America wofalitsidwa mu 2012 anaunika imfa zoposa 4,500 za ku Iraq ndi Afghanistan za pakati pa 2001 ndi 2011. Anapeza kuti pafupifupi 9 mwa 10 alionse anafa asanafike kuchipatala, ndipo mwa omwe akanatha kupulumutsidwa, pafupifupi 9 mwa 10 anafa ndi kutaya magazi. Mtsempha waukulu wa pantchafu ukadulidwa, munthu amatha m'mphindi zochepa. Choncho amene amagamula ngati msilikali akhale moyo kawirikawiri si dokotala wa digiri, ndi mnzake amene wagona naye m'fumbi limodzi.

Pamenepa ife Amalawi sitifunikira sewero kuti timvetse. Mu November 2018, pafupi ndi Beni kummawa kwa dziko la Congo, asilikali athu osungitsa mtendere pansi pa United Nations anali pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za ADF pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania. Private Chancy Chitete anaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, atawomberedwa ndipo sakutha kuyenda. Anabwerera zipolopolo zikugwa, n'kumukokera pamalo obisika, ndipo akumupatsa chithandizo choyamba anawomberedwa iyeyo n'kumwalira. Omary anapulumuka. Pa nkhondo imeneyo tinataya asilikali 6. Mu May 2019 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu koposa womwe bungwelo limapereka kwa osungitsa mtendere. Ntchito imene mwana wanu akuilakalaka imayambira pamenepo, pa munthu wogwada m'thengo manja ali pa bala la mnzake.

Chida chomwe chapulumutsa asilikali ambiri pa nkhondo za posachedwapa sichioneka bwino pa kanema. Ndi tourniquet, lamba wa nsalu yolimba wokhala ndi kamtengo kopotokolera. Amamumanga chakumtunda kwa bala, osati pabala penipenipo, pamkono kapena pamwendo, n'kupotokola kamtengoko mpaka magazi atasiyiratu, osati kuchepa chabe. Zimapweteka kwambiri, wovulala amakuwa n'kupempha kuti ammasule, ndipo womangayo ayenera kuuma mtima. Akatero amalemba nthawi, pa lamba pomwepo kapena pamphumi pa wovulalayo. Nthawiyo ndi yofunika chifukwa kwa maola awiri mwendo umapirira, koma akapitirira maola 6 kawirikawiri umakhala wafa. Kale madokotala ankamuopa lambayu poganiza kuti amadulitsa miyendo, ndipo anthu ambiri anafa chifukwa cha mantha amenewo. Ku Iraq ndi Afghanistan msilikali aliyense anayamba kuyenda naye wakewake. Mukamaonera limodzi, muzimufunsa mwanayo kuti, wamanga lamba uja walemba nthawi? M'masewero ambiri salemba.

Nanga chipolopolo chija amachitulutsa ndi kapani n'kuchiponya m'mbale yachitsulo kuti ngwee, aliyense n'kupumira m'mwamba? Limenelo ndi bodza lokondedwa kwambiri. Chipolopolo chikaima m'thupi chimakhala chatha kale kuononga, ndipo nthawi zambiri timachisiya momwemo ngati sichili pamalo oopsa. Chodetsa nkhawa ndi njira imene chadutsa. Bala la nkhondo limakhala lodzaza dothi, zidutswa za yunifolomu ndi mnofu wakufa. Dokotala amalitsegula, amadula zonse zakufa, amalitsuka, n'kulisiya losasoka masiku anayi kapena asanu. Akalisoka tsiku lomwelo ndiye kuti watsekera mafinya mkati, ndipo munthu angathe kutaya mwendo kapena moyo. Opaleshoni yoyamba ya wovulala kwambiri nayo siikhala yaitali monga pa kanema. Munthu amene wataya magazi ambiri thupi limazizira, ndipo likazizira magazi sagwirana. Ndiye dokotala amalowa mwachangu, amatseka potayikira magazi, amamanga matumbo oboola kuti zoipa zisafalikire, amatsendera nsalu m'mimba, osasoka n'komwe, n'kumutumiza kuti akafunditsidwe ndi kuikidwa magazi. Kukonza kwenikweni kumachitika mawa lake kapena mkuja. Ndipo zogunda pamtima ndi magetsi zija, mzere wa pamakina utawongoka kale, sizidzutsa munthu. Mtima umene waima chifukwa mulibe magazi oti upope umafuna magazi. N'chifukwa chake magazi akatha m'firiji, asilikali a pamsasa amaitanidwa n'kuima pamzere kupereka magazi awo, n'kuikidwa mwa mnzawo akadali ofunda.

Ndisabise, nkhondo yaphunzitsa chipatala zinthu zomwe ifenso tikupindula nazo, ngakhale mtengo wake ndi wowawa. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mtsempha waukulu wa mkono kapena mwendo ukadulidwa ankangoumanga, ndipo pafupifupi theka la ovulala otere ankadulidwa chiwalocho. Ku Korea madokotala anayamba kulumikiza mitsemphayo, ndipo odulidwa anatsika kufika pafupifupi mmodzi mwa 8. Mankhwala a tranexamic acid, omwe amathandiza magazi kugwirana akaperekedwa pasanathe maola atatu, asilikali anawalandira msanga, ndipo lero bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati aziperekedwanso kwa mayi amene akutaya magazi atangobereka.

Za helikopita ndiyenera kunenapo mosapsatira, chifukwa ndi pamene mwana wa Chimalawi angapusitsidwe. Ku Korea wovulala ankamangiriridwa pa machira kunja kwa kahelikopita kakang'ono ka Bell H-13, monga zimaonekera M*A*S*H ikamayamba. Mu 2009 nduna ya chitetezo ya America, Robert Gates, inalamula kuti msilikali wovulala kwambiri ku Afghanistan azifika kwa dokotala wa opaleshoni pasanathe ola limodzi. Asilikali a Britain ankatumiza helikopita yaikulu ya Chinook, mkati muli dokotala, namwino ndi magazi, kukatenga wovulala n'kupita naye ku Camp Bastion m'chigawo cha Helmand. Patapita masiku ochepa munthuyo amakhala ali ku Birmingham ku Britain, kapena ku Landstuhl ku Germany ngati ndi wa ku America. Sewero la Combat Hospital la 2011, la zigawo 13 zokha, likuonetsa chipatala cha pabwalo la ndege la Kandahar mu 2006, pomwe chinkayendetsedwa ndi asilikali a Canada m'nyumba ya mapulanga. Analijambulira ku Toronto, koma linayesetsa kuonetsa mmene ntchitoyo inkayendera. Zonsezi zinkatheka chifukwa mayiko amenewo ndi olemera, ndiponso mdani wawo analibe ndege. Ku Ukraine kuyambira 2022 zinthu zasintha. Kumwamba kwadzaza ma drone, tindege touluka popanda munthu mkati, helikopita singayandikire kumene akumenyana, ndipo wovulala amatha kudikira maola ambiri, nthawi zina masiku, m'dzenje, lamba ali pamwendo. M'nkhalango za kummawa kwa Congo, mvula ikugwa, misewu ili matope okhaokha, wachipatala wa asilikali amayenera kudziwa kusunga munthu wamoyo usiku wonse ndi zomwe zili m'chikwama chake. Sewero loonetsa zimenezi bwinobwino ndimalilakalaka kwambiri.

Koma chomwe ine ndimayezera sewero lililonse ndi ichi: wagona pa machirayo ndani, ndipo seweroli likumuona ngati munthu kapena ngati katundu wothandizira kuti dokotala aoneke ngwazi? Ku Kandahar ndi ku Camp Bastion, odwala ambiri sanali azungu. Anali asilikali ndi apolisi a Afghanistan, alimi oponda mabomba okwirira pansi, ana opsa ndi moto, ndiponso a Taliban enieniwo, adani omwe ankamenyana nawo. Pangano la ku Geneva, lomwe linayamba mu 1864 Henry Dunant ataona ovulala atasiyidwa pabwalo la nkhondo ku Solferino mu 1859, ndipo linalembedwanso mu 1949, limanena momveka kuti wovulala aliyense athandizidwe mosayang'ana mbali yake, ndipo choyambitsa wina chikhale kukula kwa vuto lake basi. Tanthauzo lake n'lakuti namwino angathe kusambitsa munthu amene m'mawa womwewo wapha mnzake wogona naye tenti imodzi. Wachipatala amaloledwa kunyamula mfuti yaing'ono yodzitetezera yekha ndi odwala ake, koma akayamba kuthamangitsa adani ngati msilikali wina aliyense, chitetezo chomwe lamulo limamupatsa chimachoka. Apa mpamene Our Girl imanditayitsa mtima. Inayamba bwino pa BBC mu 2013, ndi Lacey Turner akusewera ngati Molly Dawes, mtsikana wa m'banja losauka la ku London yemwe usilikali unamupatsa poyambira. Michelle Keegan atalowa mu 2016 ngati Georgie Lane, nkhani inapita ku Kenya, kenako Nepal, Nigeria ndi kwina, ndipo wachipatalayo anasanduka munthu wongobedwa, kupulumutsidwa ndi kuthamangitsana ndi zigawenga. Mbali yaikulu anaijambulira ku South Africa. Muonetsetse anthu akuda a m'zigawo za ku Kenya ndi Nigeria zija: ndi angati amene tikuuzidwa maina awo, kwawo, ndi zomwe zinawachitikira gulu la azungu litanyamuka? Mwana wanu akadzavala yunifolomu, odwala ake adzakhala anthu amenewo, ndipo adzafanana ndi azakhali ake.

Chizindikiro cha mtanda wofiira nacho sichitchinga bomba. Pa 3 October 2015 ndege ya nkhondo ya America inaphulitsa chipatala cha bungwe la Médecins Sans Frontières ku Kunduz, ku Afghanistan, ndipo anthu 42 anafa, odwala ndi ogwira ntchito omwe. Ku Vietnam, namwino wa asilikali a America, Sharon Lane, anaphedwa ndi roketi mu June 1969 ali pantchito mu wodi ya odwala a Chivietnam pa chipatala cha ku Chu Lai. Monga mayi muli ndi ufulu wonse woopa zimenezi, ndipo mumuuze mwanayo kuti mukuopa.

China chimene kanema sangagulitse ndi masiku opanda kanthu. Ntchito ya tsiku ndi tsiku ya wachipatala wa asilikali ndi malungo, kutsegula m'mimba, matuza a m'mapazi, chifuwa, dzino, kuyendera zimbudzi ndi kuona ngati madzi akumwa athiridwa mankhwala, kukakamiza anyamata kugona m'neti ndi kumwa mankhwala oteteza malungo. Pa nkhondo zambiri zakale matenda anapha asilikali ochuluka kuposa zipolopolo. Amene angadane ndi kuwerenga mabandeji m'sitolo ya mankhwala kwa milungu itatu yotsatizana, ntchitoyi siyake.

Za chikondi sindichulutsa. Anthu akakhala pamodzi kutali ndi kwawo, imfa ili pafupi, amakondana ndithu. Koma usilikali uli ndi malamulo okhwima pa chibwenzi cha wamkulu ndi womulamulira, ndipo mtsikana wachichepere pakati pa amuna ambiri amafunika kudziwa kukana ndi kudziwa kokadandaula. Descendants of the Sun, ya zigawo 16 ya mu 2016, ndi nkhani ya chikondi yovala yunifolomu. Dziko lake la Uruk ndi lopeka, malo okongolawo ndi a ku Greece. Aionere posangalala, koma asaphunzirepo ntchito.

Ngati mungapeze sewero limodzi loti muonere naye, likhale China Beach, lomwe linaonetsedwa pa ABC kuyambira 1988 mpaka 1991. Nkhani yake ndi ya namwino Colleen McMurphy pa chipatala cha asilikali pafupi ndi Da Nang ku Vietnam, ndipo Dana Delany analandira mphoto ya Emmy kawiri chifukwa cha mbali imeneyi. Mmodzi mwa oliyambitsa, William Broyles Jr., anamenya nawo nkhondoyo. M'chigawo china anaikamo amayi enieni omwe anagwira ntchito ku Vietnam akufotokoza okha zomwe anaona, mawu awo akusinthana ndi zithunzi za m'seweromo. Chomwe ndimalilemekezera kwambiri n'chakuti silinathere pabwalo la ndege. Chaka chomaliza linamutsatira McMurphy kwawo, zaka zambiri nkhondo itatha, akulimbana ndi mowa, tulo tosabwera ndi nkhope za anyamata omwe anafera m'manja mwake. Anamwino ambiri a ku Vietnam anakhala chete zaka zambiri poganiza kuti alibe ufulu wodandaula popeza sanagwire mfuti, ndipo chipilala chowakumbukira ku Washington chinaimikidwa mu 1993, patatha zaka pafupifupi 20 nkhondo itatha. Kwathu kuno timangoti munthu wabwerako atasintha, sakonda kucheza, akudzidzimuka chitseko chikamenyetseka, wayamba botolo. Amenewo ndi matenda, ali ndi chithandizo, ndipo amagwira wosoka mabala monga amagwirira wowombera.

Ndiye mwanayo mumuthandize bwanji? Chikhumbo chakecho musachinyoze, chifukwa anamwino abwino ambiri anayamba ndi chinthu chaching'ono chonga chimenechi. Koma chiyesedwe ndi zenizeni. Akaphunzire chithandizo choyamba ku Malawi Red Cross Society. Wachibale akagonekedwa m'chipatala, apite iyeyo akakhale gadiyani, agone pansi pa bedi, atsanule mkodzo, amve fungo la bala la masiku atatu, aone ngati mawa lake angadzuke ndi mtima wobwererako. Alimbikire kupeza malo ku Kamuzu University of Health Sciences kapena ku Malawi College of Health Sciences, chifukwa pepala la unamwino lidzamugwirira ntchito kaya adzalowa usilikali kaya ayi. Adziwenso kuti wachipatala wa asilikali ndi msilikali poyamba. Maphunziro a usilikali, monga a ku MAFCO ku Salima, adzawadutsa monga wina aliyense, adzalamulidwa kopita, ndipo sadzakana. Ngati kutchalitchi kapena kumudzi kwanu kuli msilikali amene anapitako ku Congo ndipo ndi wokonzeka kulankhula, mumupemphe acheze naye, inu muli pomwepo.

Ndipo mukamasaka M*A*S*H, mufunefune chigawo cha mu 1978 chotchedwa Point of View. Kamera yonse ili m'maso mwa msilikali wovulala pakhosi, yemwe sangathe kulankhula. Woonera amagona naye pa machira, amaona thambo helikopita ikuuluka, amaona nkhope zikumuweramira, ena akukambirana za iye ngati palibe, wina akukumbukira kumuuza dzina lake ndi chomwe akufuna kumuchita. Chikatha, mumufunse mwana wanu kuti mwa anthu onse amene anaweramira mnyamata uja, ndi uti amene iye angafune kuti adzaweramire mchimwene wake.